Ndinaitana Mwana wa Lameki ndi Dzina la Paubwana

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata. Anzanga oyimbira mpira, makochi a matimu a ana, ndi inu amayi mwakhala pafupi ndi khomo, moni nonse. Ine ndine Benedikito, ambiri mumangoti aBene. Kwathu ndi ku Mtakataka, koma ndinakwatira kuno kwa Golomoti. Pondiitana ku maphunziro ano anati ndidzakambe za kuipa kwa mowa. Za mowa ndikamba ndithu, koma ndikuuzirenitu kuti chimene chinandigwetsa ine si mowa. Chinandigwetsa ndi chidani, mowa unangobwera kudzathandizira. Ndipo ndikayang'ana m'chipinda muno ndikuona nkhope zingapo zimene zasunga munthu mumtima. Musaweramitse mitu, ndikukudziwani.

Munthu wanga ine ndi Lameki. Dzinalo ndikulitchula dala, akafuna akandisumire. Lameki amagula mpunga kusikimu ya ulimi wothirira n'kumakagulitsa m'tauni, ndipo ali ndi timu ya ana imene amaigulira majezi ndi mipira. Tsiku lina ndinkayimbira fainolo ya ana aang'ono, timu yake ili m'bwalo. Magolo athu mukuwadziwa, mitengo iwiri ya bulugamu, pamwamba chingwe, ukonde palibe. Mwana wa timu yake anamenya mpira, unadutsa pamwamba pa chingwe. Ndinauona ndi maso anga awiriwa, ndipo ndinati palibe chigoli. Lameki analowa m'bwalo atanyamula pampu ya njinga n'kundimenya nayo pakhutu ili, mpaka lero silimva bwino.

Kumenyedwako ndikanapirira, woyimbira aliyense muno anamenyedwapo. Koma nditagwa pansi, munthu uja anagwira kabudula wanga n'kumukokera mpaka m'mawondo. Pamzere pomwepo panali mkazi wanga akugulitsa mandasi, ndipo pambali pake panakhala apongozi anga aakazi. Apongozi, anthu inu! Munthu amene ndikakumana naye panjira ndimapatukira kutchire. Anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kutembenukira kumbali. Bwalo lonse linafa ndi phwete.

Komiti yathu ya mpira wa ana inakhala pansi. Lameki anati, "Pepani aRefa, za mpira izi," uku akuseka. Sabata yomweyo anabweretsera komiti mipira iwiri yatsopano, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndikamadutsa pamsika, tiana tinkakuwa kuti, "ARefa, gwirani kabudula!"

Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi ka kachasu kuti ndidutse pamsika osamva. Kenaka kamodzi ndisanalowe m'bwalo. Kenaka kena pa hafu taimu. Ndinagulitsa wotchi yanga, nthawi ndinkangoyerekeza ndi dzuwa, mwina hafu kutha mphindi makumi awiri, mwina ola lathunthu ana akukomoka ndi ludzu. Tsiku lina ndinapereka penate kwa timu imene yachita faulo, n'kugona pansi pa mtengo masewero ali mkati. Komiti inandilanda wezulo. Nsapato za mpira ndinasinthanitsa ndi mowa, njinga inapita, mpunga wa m'nyumba ndinkautapa ndi ndowa mkazi wanga akapita kumunda. Alamu anga anatulutsa chikwama changa panja, poti ine pamudzi paja ndinali mkamwini. Ndinakagona m'chisakasa kuseri kwa chigayo cha mpunga, ndikumasesa madeya kuti andipatse chakumwa. Zaka zitatu zinatha choncho, ndipo palibe tsiku limene ndinadzuka osamuganizira Lameki. Ndinkamupha m'maganizo m'mawa, masana n'kumudzutsa kuti ndimuphenso.

Tsono Lameki anali ndi mwana wamwamuna kwa mkazi wake woyamba, anaMbewe. Mwanayo ndinkamudziwa kuyambira akuthamangitsa mpira wa chikulunga ali wosavala malaya. Anakula n'kukhala sitiraika woopsa m'dera lonse lino, kuyambira ku Mua mpaka kuno. Akatenga mpira mabeki ankangoyang'anana. Chaka chimenecho anali ndi zaka khumi ndi zinayi, akupita kwa khumi ndi zisanu.

Panamveka kuti kubwera anthu awiri ochokera kuboma ku Dedza kudzaonera masewero a Loweruka lina n'kusankha ana osapitirira zaka khumi ndi zisanu. Osankhidwawo apita kukampu, ndipo ena mwa iwo mpira uwapezera malo a sukulu. Kwa mwana wa Lameki mwayi unali wa chaka chimenecho chokha, chaka chinacho akanakhala atapitirira msinkhu. Aliyense ankadziwa kuti woyamba kutengedwa ndi iyeyo. Lameki ankayenda pamsika chifuwa chili patsogolo, akuti, "Magazi anga amenewo."

Kutatsala masiku anayi, woyimbira amene anakonzedwa anagwa pa njinga yamoto n'kuthyoka mwendo. Wina anali kumaliro ku Ntcheu. Mlembi wa komiti anabwera kuchigayo, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "ABene, mungathe kukhala osalawa mpaka Loweruka?" Ndinati ndingathe. Ndipo ndinatha, abale anga. Chimene mkazi wanga analephera ndi misozi, chimene ansembe analephera ndi uphungu, chidani chinachita. Masiku atatu manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, koma dontho silinalowe m'kamwa. Ndinkafuna ndikhale ndi mutu wabwinobwino pomubaya Lameki.

Lamulo lathu mukulidziwa. Poti makochi ena amabweretsa ana a ndevu, mwana aliyense amabwera ndi kadi yake ya kusikelo, woyimbira n'kufananiza ndi mayina amene kochi walemba. Mukudziwanso kuti kuno mnyamata akapita kudambwe amatulukako ndi dzina latsopano, ndipo la paubwana lija silitchulidwanso. Ukamuitana nalo wamutukwana, wamubwezera ku ukhanda. Ndiye kadi ya kusikelo imakhala ndi dzina lina, pepala la kochi dzina lina. Woyimbira wa kuno sadabwa nazo. Umangoyang'ana kwa mkulu wa m'mudzi mwawo, iye n'kugwedeza mutu, iwe n'kumudutsitsa mwanayo mwakachetechete. Ine ndinadutsitsapo ana otero ambirimbiri. Nanenso ndinapita kudambwe, nanenso ndili ndi dzina limene sindifuna kulimva.

Loweruka lija ana anandanda pakati pa bwalo, alendo aja atakhala pampando pansi pa mtengo ndi mabuku awo. Ndinafika pa mwana wa Lameki. Pepala la kochi linati Limbani. Kadi inati Tayani.

"Kadi iyi ndi ya yani?" ndinafunsa.

"Ndi yanga, aRefa."

"Iwe dzina lako ndani?"

"Limbani."

"Nanga apa palembedwa Limbani?"

Mwanayo anayang'ana pansi, kenaka anayankhula motsitsa mawu kuti anzake asamve. "ARefa, inu mukudziwa."

Ndinkadziwadi. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinakweza kadi ija m'mwamba, n'kufuula kuti ndi ogulitsa nzimbe kumsewu omwe amve. "Tayani! Tayani ali kuti? Abwere adzatenge kadi yake! Tayani!"

Taonani msampha wake. Akavomera kuti wawa, ndiye kuti wavomera dzina la ukhanda pamaso pa anzake amene anapita nawo kudambwe, pamaso pa atsikana ndi ana osavinidwa. Akakhala chete, ndiye kuti kadiyo si yake. Mwanayo anakhala chete.

Mmodzi wa alendo aja, mnyamata wokulira m'tauni, anabwera. "Chavuta n'chiyani, aRefa?"

"Wabwera ndi kadi ya mng'ono wake, bwana. Uyu ndi wamkulu, taonani msinkhuwu."

Mkulu wina wa kwawo anathamanga kuchokera kumzere akukweza ndodo, akuti, "Iyayi, mwanayo ndi yemweyo, tamverani!" Ine ndinaliza wezulo mwamphamvu n'kunena kuti nthawi yatha, osasewera atuluke m'bwalo. Mlendo uja anakhwatcha m'buku mwake n'kubwerera pampando.

Apo ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya Lameki. Zaka zitatu ndikudikira nkhope imeneyo. Ndinkafuna ndione manyazi akumudya monga anandidyera ine. Ndinamupeza ali pa foni, akukambirana za lole ya mpunga. Anangochotsa foniyo pakhutu n'kukuwa kuti, "Iwe, vula jeziyo upatse mnzakoyo, usatichedwetse!" Basi, n'kubwerera pa foni.

Mwana anavula jezi, anaipereka, n'kudutsa pakati pa anthu chifuwa chili pamtunda. Tiana tinamutsatira tikuimba dzina lija. Timu ya Lameki inapambana ndi zigoli ziwiri, alendo anasankhamo ana awiri. Masewero atatha Lameki anabwera kudzandigwira chanza. "Lero ndiye mwayimbira bwino, aRefa," anatero, uku akukokera lamba wa thalauza lake m'mwamba kuti anzake aseke. Ndipo anasekadi.

Ndinamwa masiku anayi osapuma. Za mwana uja sindinaziganizire ngakhale pang'ono, ndisakunamizeni. Chimene chinkandiwawa n'chakuti Lameki sizinamukhudze. Ndinabwereka chikwanje n'kuyamba kuchinola pamwala wa kuseri kwa chigayo. Njira imene amadutsa pochokera kusikimu ndinkaidziwa, ndi malo amene njinga yamoto imachepetsa liwiro chifukwa cha mchenga ndinali nditawasankha kale.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndinamva odi. Ndinasuzumira, ndinaona mayi atakhala pansi chapatali ndi khomo, miyendo atatambasula, monga akhalira munthu wobwera ndi nkhani kwa akulu. Anali anaMbewe, mayi ake a Limbani. Ndinatuluka ndikudzandira, ndikuyembekezera kutukwanidwa. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, anafunsa ngati ndadzuka bwino. Kenaka anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa kajumbo ka shuga, m'menemo munali makadi atatu a kusikelo. Anawayala pafumbi, imodzi, ina, ina.

"Tawerengani, bambo, inu munapita kusukulu."

Ndinagwada n'kuyang'ana. Kadi yoyamba mzere wa kulemera kwa mwana unakwera miyezi isanu n'kuima. Yachiwiri unakwera miyezi isanu ndi itatu n'kuima. Yachitatu inali ija ndinaikweza m'mwamba pabwalo, chidindo cha chala changa chakuda chikuonekabe pakona.

"Awiriwa ali kumanda," anatero. "Wachitatu atabadwa, amayi anga anati musavutike kumufunira dzina labwino, nayenso ndi wopita. Ndiye tinamutcha dzina limene munafuula lija. Koma sanapite. Zaka zonsezi ndikamamuitana, m'kamwa munkawawa. Tsiku limene anabwera kuchokera kudambwe ali Limbani, ndinalulutira mpaka mawu anatha. Ndinati dzina la imfa lija talikwirira. Inu mwakalifukula pamaso pa anthu."

Ndinafuna kunena za Lameki, za pampu, za kabudula. Ndinangoyamba kuti, "Mayi, bambo ake a mwanayu..."

"Bambo ake ati? ALameki anatisiya mwanayu ali ndi zaka zinayi. Anadzamukumbukira atamva kuti amagoletsa. Mwana uyu ndi wanga, ndi wa alongo anga, inu ndinu Mchewa mukudziwa zimenezi. ALameki tsiku lija anakadya n'kugona. Wanga sakudya. Sakutuluka m'nyumba, chifukwa akangoti apite kumjigo ana akumuimba."

Anasonkhanitsa makadi aja pang'onopang'ono, akupukuta fumbi pa iliyonse ndi nsonga ya chitenje, n'kuwabwezera m'kajumbo. Ndiye anandiyang'ana m'maso koyamba.

"Sindinabwere kudzakangana nanu, bambo. Ndabwera kuti mundiuze chimene mwana wanga anakulakwirani, kuti ndikamulange."

Abale anga, ndamenyedwapo ndi pampu, ndagendedwapo ndi miyala ku Mtakataka, koma palibe chimene chinandipweteka ngati funso limenelo. Ndinasakasaka m'mutu monse cholakwa cha mwana uja, ngakhale chimodzi. Sanandiimbepo za kabudula. Akakumana nane nditaledzera ankapatuka n'kunena kuti mwaswera bwanji aRefa. Ndinakhala chogwada pafumbi paja. Ndinachita manyazi oposa a tsiku la kabudula, chifukwa tsiku limene lija wondivula anali wina.

Mayi uja atanyamuka anaona chikwanje chili pamwala. Anaima pang'ono. "Icho ngati ndi cha aLameki, muganize bwino. Mwana wanga mwamulanda kale zokwanira, musamuonjezere zoti azilozedwa kuti bambo ake anaphedwa chifukwa cha mpira." Anapita osatembenuka.

Tsopano mverani zimene ndinachita, mwina zithandiza wina. Chikwanje ndinakabweza kwa mwini wake tsiku lomwelo, ndipo ndinamuuza chimene ndinachibwerekera, kuti ndikadzabweranso asadzandipatse. Mowa ndinausiya, koma ulendo uno thupi linakana. Ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma. Mwini chigayo anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala ku Mua, ndinagonako masiku angapo. Musamachite manyazi kupita kuchipatala ndi matenda a mowa, amakulandirani ngati wodwala wina aliyense.

Nditatuluka ndinagwira ganyu yopuntha mpunga mpaka ndinapeza nkhuku. Ndinapita nayo kwa amalume ake a Limbani, chifukwa wotchula dzina la paubwana amalipa, mwambo umatero. Anandisiya ndili chikhalire padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana asanailandire, ndipo ankakhoza. Kuchoka apo ndinapita kukomiti kukaulula kuti ndinanama dala. Anandiletsa kuyimbira chaka chathunthu. Ndinatenga kalata kwa amfumu, ina kwa mlangizi wa zaumoyo amene ankamuyeza mwanayo ali wakhanda, zonse zochitira umboni kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ndinakwera nazo phiri mpaka kuboma ku Dedza.

Mlendo uja ndinamupeza. Anawerenga makalata onse awiri, anagwira kumutu. "Bambo, mwachedwa. Mayina anapita kalekale, ana ali kukampu sabata yachitatu. Malo ake tinaika wina." Ndinagwada mu ofesi, ndinati ndilangeni ine koma mwanayo mumuone kamodzi kokha akusewera. Anati chaka chamawa. Ndinati chaka chamawa akhala atapitirira msinkhu. Anangotambasula manja.

Loweruka lotsatira ndinapempha mpata pabwalo lomwe lija masewero asanayambe. Ndinaima pakati n'kunena kuti ndinanama, kuti kadi inali yake, kuti dzina lake ndi Limbani ndipo wina aliyense womuitana dzina lina adzaonana ndi ine. Ena anawomba m'manja, ena anandikuwiza. Limbani panalibe. Kuyambira tsiku lija sanavalenso jezi ya timu iliyonse.

Panopa ndi zaka zinayi ndisanalawe. Mkazi wanga anandilandiranso patapita chaka ndi miyezi, ankhoswe atakambirana katatu. Wezulo anandibwezera. Makadi sindiyang'ananso ndekha, timakhala awiri ndi mkulu wa m'mudzi, kuseri kwa kalasi, masewero asanayambe, ndipo dzina la pakadi silitchulidwa mokweza. Ndikamaliza kuyimbira ndimapita kunyumba molunjika, sindidutsa njira ya kwa mayi wotcheza kachasu ngakhale ndi yachidule. Mtima ukayamba kuwira ndimamuuza mkazi wanga tsiku lomwelo, sindigona nazo.

Za Lameki musandifunse kuti ndinamukhululukira, chifukwa ndikunamizani. Sindinamukhululukire. Ansembe amati ndizimupempherera, ndimayesa, koma ndikamuona akudutsa pa njinga yamoto, mimba ili patsogolo, mano anga amalumana okha. Sanapepese mochokera pansi pa mtima mpaka lero, ndipo wanenepa. Ndimafunabe tsiku lina adzagwe pagulu anthu adzamuseke. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu wa mtima ngati wangawu asagwire wezulo pamene pali mdani wake. Timu yake ikamasewera ndimapatsa mnzanga, ine ndimakakhala kumzere manja ali m'thumba. Inunso amene muli ndi Lameki wanu, kaya ndi kochi anakutukwanani, kaya ndi kholo linakulavulirani, kakanganeni naye yekha, wamkulu mnzanu. Akusewera m'bwalomo ndi ana, ndipo sakudziwa n'komwe kuti inu muli pankhondo.

Mwezi wathawu ndinatsika minibasi pa siteji pano, ndikupita kukayimbira kubwalo la kusikimu. Anyamata a kabaza anandithamangira, ndipo amene anayamba kugwira chikwama changa anali Limbani. Watalika, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano, sukulu anasiyira panjira. Ndinafuna kukwera ya wina koma anati, "Kwerani aRefa, muchedwa." Ndinakhala kumbuyo kwake ulendo wonse, ndikuyang'ana miyendo ija ikupalasa mumchenga.

Titafika ana anali atayamba kale kuthamangathamanga m'bwalo. Ndinatsika, ndinalimba mtima n'kumufunsa. "Limbani, kodi unandikhululukira?"

"Kalekale, aRefa. Amayi anati ndisasunge."

"Ndiye bwanji osabwerera? Timu ya akuluakulu ikusowa sitiraika. Ndikhoza kukakuyankhulira."

Anaseka pang'ono, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Kuti ndizisewerera chiyani tsopano? Zaka khumi ndi zinayi sizibwera kawiri, aRefa."

Mpira wina unathawa m'bwalo n'kugubuduka mpaka pa tayala la njinga yake. Ana anakuwa kuti, "Achimwene, tatimenyerani!" Limbani anauyang'ana. Anawerama, anautola ndi manja, n'kundipatsa ine. Kenaka anatembenuza njinga kubwerera kusiteji.

Ndathokoza, a wapampando. Ndikhale pansi.